Kaputeni Joseph LaBarge, Mkhristu wa pa Mtsinje wa Missouri

A Joseph LaBarge anabadwa pa 1 Okutobala 1815 mumzinda wa St. Louis ku America, m'banja lachikatolika. Ali mnyamata anapita ku seminale ya St. Mary's of the Barrens, koma unsembe sunali maitanidwe awo. Anabwerera kwawo n'kuyamba ntchito pa sitima za nthunzi za kampani yogula zikopa ya American Fur Company.

Mtsinje wa Missouri unkadya sitima zambiri. Madzi ake ndi amatope, mchenga umasamuka nyengo ndi nyengo, ndipo mitengo yomira imabisala pansi n'kumaboola sitima. Woyendetsa ankayenera kuzindikira pozama ndi posaya pongoona mtundu wa madzi ndi kayendedwe ka mafunde. Akalakwitsa pang'ono, anthu ndi katundu ankathera pomwepo.

Mu 1833 kolera inabuka m'sitima ya Yellowstone n'kupha antchito ambiri. Kaputeni anabwerera ku St. Louis kukafuna ena, n'kusiya sitimayo m'manja mwa a LaBarge, omwe anali ndi zaka 17 zokha. Anthu a m'mbali mwa mtsinje ataopseza kuti aitentha poopa matendawo, iwo anasonkha moto m'mainjini n'kuisunthira patali. Umu ndi momwe anayambira kuyendetsa sitima. Mu 1843 ndiwo anayendetsa sitima ya Omega imene inanyamula John James Audubon, katswiri wojambula mbalame.

Mu 1851, ali kaputeni wa sitima yawoyawo ya St. Ange, ananyamula ansembe awiri achijezwiti, Bambo Pierre-Jean De Smet ndi Bambo Christian Hoecken, omwe ankapita kwa eni nthaka a dzikolo. Kolera inabukanso. Bambo De Smet anagona ndi matenda, pomwe Bambo Hoecken ankasamalira odwala usana ndi usiku ndi kuwapatsa masakramenti, mpaka nawonso anadwala. Bambo De Smet anadzikoka pamphasa kukamva kulapa kwa mnzawoyo, yemwe anamwalira pa 19 Juni. A LaBarge sanaisiye sitima yawo, ndipo anapitiriza ulendowo. Ubwenzi wawo ndi Bambo De Smet unakhalapo mpaka wansembeyo anamwalira mu 1873.

Chuma sichinakhalitse m'manja mwawo. Kampani imene anayambitsa ndi anzawo mu 1862 inagwa posakhalitsa, ndipo njanji zitafika, malonda a pamtsinje anazilala. Atakalamba, boma linawapatsa ntchito yolemba mndandanda wa sitima zimene zinamira mu Missouri, chifukwa zambiri mwa izo ankazidziwa ndi maso awo.

Anamwalira pa 3 Epulo 1899 alibe chuma, atatumikira pamtsinjewo zaka zoposa 50, ndipo anaikidwa m'manda a Calvary ku St. Louis. Akhristu amene lero asunga miyoyo ya anzawo m'manja mwawo, monga madalaivala a minibasi ndi anamwino, angapeze mwa iwo chitsanzo cha munthu wosathawa ntchito yake pa nthawi ya mantha. Mzimu wawo uuse mumtendere.