David Livingstone: Mnyamata wa Mabuku Amene Anadutsa Pagombe Lathu

Ife amene kwathu ndi ku Dwambazi tinakula tikumva dzina la David Livingstone ngati yankho la pa mayeso basi. Tinkadziwanso za mtengo waukulu wa pa Nkhotakota, pamene anthu amati anakumanirana ndi Jumbe. Patchuthi chapitachi tinawerenga mabuku ake atatu, ndipo tinapeza kuti mbiri ya munthuyu ndi mbiri ya mabuku: amene anamuumba iye, ndi amene analemba n'kusintha dziko lathu.

Livingstone anabadwa pa 19 Malichi 1813 ku Blantyre, m'dziko la Scotland, m'banja losauka. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito pa fakitale ya thonje. Ankalowa 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, kenaka n'kupita ku sukulu ya usiku. Pa malipiro ake oyamba anapatulapo ndalama n'kugula buku la Chilatini. Ali pantchito ankatsamiritsa buku pamakina, n'kumawerenga mzere umodzi akamadutsapo.

Iye ankakonda mabuku a maulendo ndi a sayansi, koma bambo ake a Neil ankaopa kuti mabuku otere angamutayitse chikhulupiriro. Chimene chinathetsa nkhondo ya mumtima mwake ndi zolemba za Thomas Dick, amene ankaphunzitsa kuti sayansi ndi chikhulupiriro si adani. Atatero anakaphunzira za udokotala ku Glasgow, ndipo mu 1841 anafika ku South Africa atatumidwa ndi bungwe la London Missionary Society.

Okonda nkhani za ulenje ayambe ndi buku lake loyamba, Missionary Travels and Researches in South Africa, la mu 1857. M'menemo muli nkhani ya mkango wa ku Mabotsa, umene mu 1844 unamugwira n'kumuphwanya fupa la mkono wamanzere. Anapulumuka chifukwa mphunzitsi wachikuda, Mebalwe, analoza mfuti chilombocho, ndipo chinasiya mzunguyo n'kukamuluma iye pantchafu. Mulinso ulendo wa mu 1849 wopita ku nyanja ya Ngami, umene mbali yaikulu ya ndalama zake inachokera kwa mlenje wa njovu William Cotton Oswell. Kenaka pali ulendo wa mu 1853 mpaka 1856, wokafika ku Luanda kumadzulo ndi ku Quelimane kuvuma. Anauyenda ndi Amakololo amene mfumu Sekeletu inamupatsa, ndipo ena mwa Amakololowo anadzakhala mafumu m'chigwa cha Shire.

Buku lachiwiri, Narrative of an Expedition to the Zambesi and its Tributaries, la mu 1865, analilemba ndi mng'ono wake Charles. Limeneli ndi limene linatikhudza kwambiri chifukwa likukamba za kwathu. Anaiona koyamba nyanja yathu mu Seputembala 1859. Mu Seputembala 1861 anabweranso ndi Charles komanso Dokotala John Kirk, pa bwato la nkhafi zinayi limene anthu analinyamula polambalala mathithi a mu Shire. Anatsata gombe la kuzambwe kudutsa Nkhotakota mpaka m'dziko la Atonga, choncho anadutsa pomwe ife timatchera ukonde lero.

Zimene analemba timazidziwa. Anafotokoza za mafunde aukali amene anatsala pang'ono kuwamiza, za midzi yothithikana m'mbali mwa nyanja, za nsomba zokwera m'mitsinje, ndi za nkhungu zimene anthu ankagwira n'kuumba chakudya. Chakumpoto anapeza midzi yotenthedwa ndi mitembo yosaikidwa chifukwa cha nkhondo za Angoni. Mu 1863 anafikanso pa Nkhotakota, n'kupeza amalonda akukhoma chombo chowolotsera minyanga ndi akapolo. Bukuli likuti kazembe wa Britain ku Zanzibar anawerengera kuti akapolo 19,000 ochokera kuno kunyanja ankadutsa pachilumbacho chaka chilichonse. Amenewo anali abale a makolo athu.

Tisabise, ulendo wa mu Zambeziwo unalephera. Mathithi a Cahora Bassa anatsekereza sitima. Livingstone anali wovuta kugwira naye ntchito, ndipo anayambana ndi anzake angapo. Bishopu Charles Mackenzie, amene anabwera chifukwa cha pempho lake n'kukhazikika ku Magomero, anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862. Mkazi wake Mary anamwalira ku Shupanga pa 27 Epulo chaka chomwecho, atakhala zaka zambiri kutali ndi mwamuna wake. Mu 1863 boma la Britain linathetsa ulendowo.

Buku lachitatu, The Last Journals, linatuluka mu 1874 mwini wake atamwalira kale, ndipo analisonkhanitsa ndi Horace Waller. Ndi la munthu wodwala, wofunafuna gwero la mtsinje wa Nile kumene kulibe. Anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Anthu ake, motsogozedwa ndi Abdullah Susi ndi James Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, n'kunyamula thupi ndi mapepala ake miyezi pafupifupi 9 mpaka ku Bagamoyo. Chuma anali Myao amene anamasulidwa ku ukapolo ali mnyamata mu 1861. Ku London anatsimikiza kuti thupilo ndi lake poona fupa lija la mkango, ndipo anamuika ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874.

Mabukuwa anaitana amishoni: a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo a Blantyre anafika mu 1876. Anathandiza kuthetsa malonda a akapolo, koma anatseguliranso njira atsamunda, amene anatenga dziko lino mu 1891.

Mabuku onse atatu ndi a m'Chingerezi ndipo amapezeka kwaulere pa intaneti. Tiwawerenge, koma ndi maso otseguka. Mlendo anaona gombe lathu masabata owerengeka ali m'bwato, ndipo ambiri mwa anthu amene anamupatsa nsomba ndi kumulozera njira sanawatchule maina. Zimene iye sanamve zikadali m'kamwa mwa agogo athu ku Dwambazi: mmene makolo anathawira nkhondo, mmene ankasakira nyama, mmene ankadziwira kuti mwera wayandikira. Mnyamata uja anawerenga ali pamakina a thonje. Ife tili ndi laibulale, magetsi ndi foni za m'manja. Tikamapita kutchuthi chikubwerachi, tinyamule kope ndi cholembera, tikakhale pansi ndi agogo akadali moyo.