Jean Piaget: Munthu Amene Anamvetsela Mayankho Olakwa a Ana

Mukadutsa m'Chibolya masana ana ataŵeluka ku sukulu, mudzakumana ndi anyamata akuyendetsa motoka za mawaya m'fumbi. Mwana wa zaka 8 apinda waya ndi manja okha, amangilila mawilo, ndipo ciwongolelo cake cikhotetsadi motoka. Koma mwana yemweyo akabwela ndi lipoti loipa la ku sukulu, panyumba timucha mbuli. Kodi nzelu zimene zinapanga motoka ija zimathaŵila kuti akaloŵa m'kalasi? Munthu amene anathela moyo wake wonse pa mafunso otele ni Jean Piaget, ndipo mbili yake ili ndi phunzilo kwa makolo ndi aphunzitsi a Sande sukulu.

Piaget anabadwa pa 9 August 1896 mu tauni ya Neuchâtel, m'dziko la Switzerland. Atate ake, a Arthur Piaget, anali kuphunzitsa mabuku akale pa yunivesiti ya kumeneko. Amai ake, a Rebecca Jackson, anali Mkristu wa Ciprotestanti wolimbikila kwambili, ndipo Jean ali mnyamata analoŵa m'magulu a ophunzila acikristu, nalemba za cikhulupililo ndi sayansi. Koma cimene cinamukoka mtima kuyambila ali wamng'ono ni zamoyo. Mu 1907 anaona mpheta yokhala ndi nthenga zina zoyela, nalemba kankhani kafupi ka mbalameyo, ndipo kanasindikizidwa. Pambuyo pake anayamba kuthandiza a Paul Godet, mkulu wa nyumba yosungila zinthu zacilengedwe, kusanja nkhono za m'madzi. Mu 1918 analandila digili ya udokotala wa sayansi, ndipo kafukufuku wake anali wa nkhono zomwezo.

Nkhono zinamuphunzitsa zinthu ziŵili: kuyang'anitsitsa moleza mtima, ndi kuona kuti camoyo ciliconse cimasintha kuti cigwilizane ndi malo amene cikhala. Maphunzilo aŵili amenewa anapita nawo kwa ana.

Mu 1919 anapita ku Paris, kumene Théodore Simon anamupatsa nchito yoyesa ana a sukulu ndi mafunso opima nzelu. Nchito yake inali yoŵelenga mayankho olondola ndi olakwa basi. Koma Piaget anaona kuti ana a msinkhu umodzi anali kulakwa mofanana. Anaganiza kuti ngati ana ambili agwa pamalo amodzimodzi, ndiye kuti pali njila imene onse akutsata. Motelo anayamba kukhala pansi ndi mwana mmodzimmodzi ndi kumufunsa mmene wafikila pa yankho lake. Anapeza kuti mwana si munthu wamkulu wopeleŵela nzelu ayi. Ali ndi kaganizidwe kakekake, kamene kamasintha pamene akula.

Mu 1921 Édouard Claparède anamuitana kukagwila nchito pa Institut Jean-Jacques Rousseau mu mzinda wa Geneva. Mu 1923 anakwatila Valentine Châtenay, ndipo anabeleka ana atatu: Jacqueline, Lucienne ndi Laurent. Mwamuna ndi mkazi wake anali kulemba tsiku ndi tsiku zimene anawo anali kucita, kuyambila kuyamwa mpaka kulankhula. Anaona kuti khanda la miyezi yocepa, ukalibisila coseŵeletsa pansi pa nsalu, silicifunafuna, monga kuti cinthuco catha. Pakapita miyezi ina limakweza nsalu ndi kucitenga, cifukwa tsopano lidziŵa kuti cinthu cimakhalapobe ngakhale maso sakuciona.

Pamodzi ndi anzake a nchito, maka-maka Alina Szeminska ndi Bärbel Inhelder, Piaget anapanga mayeso amene mungayese ngakhale panyumba panu. Thilani madzi ofanana m'matambula aŵili ofanana, ndipo mwana avomele kuti ni ofanana. Ndiyeno, iye akuona, tsanulilani madzi a tambula imodzi m'botolo lalitali lopyapyala. Mwana wa zaka 4 kapena 5 kaŵilikaŵili adzati m'botolo muli madzi ambili, cifukwa akwela pamwamba. Wa zaka 7 kapena 8 adzati ni cimodzimodzi, popeza simunawonjezepo kapena kucotsapo. Wamng'ono uja sananame, ndipo si wopusa. Maganizo ake agwila kutalika kokha, sanafike pogwila kutalika ndi kufupika kwa m'mimba mwa botolo nthawi imodzi.

Kucokela pa mayeso otele, Piaget anafotokoza magawo anai a kakulidwe ka maganizo. Kuyambila kubadwa mpaka zaka 2, mwana amaphunzila ndi manja, pakamwa ndi maso. Kuyambila zaka 2 mpaka 7 amalankhula ndi kuseŵela zoyelekeza, koma amakhulupilila cimene maso aona. Kuyambila zaka 7 mpaka 11 amaganiza mwadongosolo, maka-maka pa zinthu zimene angagwile ndi kuŵelenga. Kuyambila zaka 11 kapena 12 amayamba kuganizila zinthu zosaoneka ndi zongoyelekeza. Mfundo yake yaikulu inali yakuti nzelu sizithilidwa m'mutu mwa mwana monga madzi m'cigubu. Mwana amazimanga yekha pogwila, poyesa, polakwa ndi pokonza.

Anafufuzanso mmene ana amaonela cabwino ndi coipa, ndipo buku lake la nkhaniyi linatuluka mu 1932. Anali kuuza ana za anyamata aŵili. Wina anaswa makapu 15 mwangozi potsegula citseko, wina anaswa kapu imodzi pofuna kutenga jamu amai ake atacoka. Ana aang'ono ambili anati wolakwa kwambili ni wa makapu 15, cifukwa anawononga zambili. Okulilapo anayang'ana colinga ca mumtima. Aphunzitsi a Sande sukulu, ici cikuthandizeni: mwana wa zaka 5 ndi wa zaka 12 angamve nkhani imodzi, koma sadzatolamo phunzilo limodzi.

Kuyambila mu 1929 Piaget anatsogolela bungwe la International Bureau of Education kwa zaka pafupifupi 40, ndipo maganizo ake anafika m'makoleji a aphunzitsi m'maiko ambili. Anamwalila pa 16 September 1980 ku Geneva ali ndi zaka 84. Anaikidwa m'manda a Cimetière des Rois, manda omwewo amene anaikamo John Calvin.

Sikuti zonse zimene ananena zinali zolondola. Ofufuza a pambuyo pake, monga Margaret Donaldson wa ku Scotland, anaonetsa kuti ana aang'ono amayankha bwino koposa ngati funso lafunsidwa m'njila imene aizoloŵela. Komanso ana ambili amene Piaget anawayesa anali a ku Ulaya, ndipo sanaike mtima kwambili pa cikhalidwe cimene mwana akulilamo. Mbali ina ya mpata umenewu inatsekedwa kuno kwathu. Robert Serpell wa pa University of Zambia anayelekeza ana a mu Lusaka ndi ana a mu Manchester ku England, ndipo zotulukapo zinasindikizidwa mu 1979. Anawo anauzidwa kutengela zithunzi zofanana m'njila zosiyana. Pojambula ndi pensulo papepala, ana a ku England anapambana. Popinda waya, ana a mu Lusaka anapambana. Poumba, magulu onse aŵili anali cimodzimodzi. Mwana aliyense anaonetsa nzelu zake pa cinthu cimene manja ake anazoloŵela.

Serpell anafunsanso akuluakulu a m'midzi ya Aceŵa m'boma la Katete za mwana amene iwo amamuona kukhala wanzelu. Anapeza kuti kwa iwo nzelu si kucenjela cabe. Mwana wanzelu ni uja amene amamva, ndi wokhulupilika, ndipo angatumidwe nagwila nchito bwino. Ana otele ali ambili m'makomboni athu: mtsikana amene amabweza cenji molondola pa kantemba ka amai ake, kapena amene amalela mng'ono wake popanda womuuza.

Kuyambila mu January 2022, pamene boma linacotsa malipilo m'masukulu ake, ana ambili abwelela ku sukulu ndipo makalasi adzaza. Mphunzitsi mmodzi sangakhale pansi ndi mwana aliyense monga anali kucitila Piaget. Nchito imeneyo yatsala kwa ife panyumba ndi ku chalichi, ndipo sifuna ndalama. Mwana akalakwa samu, musathamangile mkwapulo. Mufunseni akuonetseni mmene wacitila, cifukwa pamenepo mudzaona pamene wasocelela. Wa Giledi 1 kapena 2 mupatseni timiyala, nyemba kapena zotsekela mabotolo aŵelenge ndi manja asanalembe manambala. Mufotokozeleni m'cinenelo cimene amalankhula panyumba. Musamuyelekeze ndi mwana wa aneba, popeza ana safika pa gawo limodzi tsiku limodzi. Ndipo mau akuti mbuli tiwacotse pakamwa pathu, cifukwa mwana amakhulupilila zimene makolo ake amamucha.

Mukadzakumananso ndi mnyamata wa motoka ya mawaya, muimitseni pang'ono. Mufunseni mmene anapimila mawilo kuti afanane, ndi cifukwa cake ciwongolelo cimakhotetsa motoka. Mvetselani mpaka amalize. Masamu amene akumuvuta ku sukulu angayambile pa yankho limenelo.