David Clement Scott

David Clement Scott (1853 – 1907) anali m'busa wa mpingo wa Church of Scotland yemwe anatsogolera mishoni ya Blantyre kuyambira mu 1881 mpaka mu 1898. Amadziwika kwambiri chifukwa cha tchalitchi cha St Michael and All Angels mumzinda wa Blantyre, chomwe anakonza yekha kamangidwe kake ngakhale kuti sanaphunzirepo za zomangamanga, komanso chifukwa cha mtanthauziramawu wa Chimang'anja amene anatuluka mu 1892. Pa nthawi imene azungu ambiri ankaona anthu akuda ngati antchito chabe, Scott ankaphunzitsa kuti mpingo ndi umodzi, ndipo kuti eni dziko ayenera kuutsogolera okha. Maganizo amenewa anamudanitsa ndi boma la atsamunda, azungu a minda ya khofi, ngakhalenso anthu ena a mpingo wake ku Scotland.

Ubwana ndi maphunziro

Scott anabadwira mumzinda wa Edinburgh ku Scotland mu 1853. Anaphunzira pa yunivesite ya Edinburgh, komwe anachita maphunziro a nzeru zakuya ndi a zaumulungu. Anakwatira Isabella Bowie, ndipo abale angapo a mabanja awiriwa anadzagwiranso ntchito ku Blantyre. Mng'ono wake, William Affleck Scott, anali dokotala pamishonipo, chimodzimodzinso mlamu wake John Bowie. Mchemwali wa Isabella, Harriet, anakwatiwa ndi Henry Henderson, yemwe anasankha malo a mishoniyo.

Kufika ku Blantyre

Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa mu Okutobala 1876 m'dera la mfumu Kapeni, ndipo inatchedwa dzina la tawuni yomwe David Livingstone anabadwira. Zaka zake zoyambirira zinali zochititsa manyazi. Amishonale oyamba anadzipatsa mphamvu zoweruza milandu ngati boma. Ankakwapula anthu oganiziridwa kuti aba, ndipo mu 1879 anapha munthu wina yemwe anamuweruza kuti ndi wakupha. Mu 1880 mlendo wina wotchedwa Andrew Chirnside anafalitsa nkhanizi ku Britain. Mpingo unatumiza anthu odzafufuza, ndipo mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, pamodzi ndi John Buchanan ndi George Fenwick, anachotsedwa ntchito.

Scott anafika mu 1881 kudzayambanso ntchito pamalo amene anthu anali atataya nawo chikhulupiriro. Iye anasiya mchitidwe woweruza ndi kulanga anthu, ndipo mikangano ya pakati pa mishoni ndi midzi yozungulira anayamba kuikamba pabwalo monga mwa mwambo wa mlandu, pamaso pa mafumu ndi ankhoswe. Anaphunzira Chimang'anja mozama pomvetsera zokambirana zoterezi. Mu 1884 anayenda ulendo wokaonana ndi Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko, pofuna kuti ankhondo ake asamaononge midzi ya kumapiri a Shire. M'zaka za utsogoleri wake mishoni inatsegula nthambi ku Domasi mu 1884 ndi ku Mulanje mu 1890.

Kumanga tchalitchi

Ntchito yomanga tchalitchi chachikulu inayamba mu 1888, ndipo chinatsegulidwa pa 10 Meyi 1891. Panalibe katswiri wa mapulani woyang'anira ntchitoyi. Scott ankaganizira gawo lililonse ntchito ili mkati, ndipo asanamange chinthu chovuta monga khomo lokhota ankayamba wasanja njerwa popanda matope kuti aone ngati zigwirana. Omanga onse anali anthu a m'dera lomwelo, Amang'anja, Ayao ndi ena, ndipo ambiri anali asanamangepo nyumba ya njerwa. Dothi linakumbidwa pafupi ndi malowo, njerwa zinaumbidwa m'zikombole zamatabwa n'kuotchedwa pompo. Panagwiritsidwa ntchito mitundu 81 ya njerwa, iliyonse ndi chikombole chake, ndipo zokongoletsa zambiri za pamakoma zinapangidwa ndi kasanjidwe ka njerwazi.

Tchalitchichi ndi chotalika mamita pafupifupi 32 m'litali, mamita 9 m'lifupi, ndi mamita 11 kufika pamwamba pa denga. Kumadzulo kuli khomo lalikulu ndi nsanja ziwiri zomwe sizofanana. Palinso kansanja ka belu kokhala ndi makwerero ozungulira ndi kadenga kobulungira, kofanana ndi kamangidwe ka Aarabu a kumpoto kwa Africa. Mkati muli mizere ya nsanamira zonyamula makomo okhota monga mwa matchalitchi akale a ku Byzantium. Limba lalikulu linaikidwamo mu 1907, ndipo magetsi analowa mu 1912. Olemba mbiri ambiri amachitchula kuti ndi tchalitchi choyamba chokhazikika chomwe chinamangidwa pakati pa mtsinje wa Zambezi ndi mtsinje wa Nile.

Tanthauzo la kamangidwe kake

Maganizo oti kamangidwe ka malo opembedzera kamaphunzitsa za Mulungu ndi akale kwambiri. Buku la Eksodo, kuyambira mutu 25 mpaka 40, limafotokoza za chihema chimene Aisraeli ankayenda nacho m'chipululu. Chinali ndi magawo atatu: bwalo lakunja pomwe panali guwa la nsembe zopsereza, Malo Opatulika momwe munali choikaponyali, gome la mkate ndi guwa la zofukiza, ndi Malo Opatulikitsa momwe munali likasa la chipangano. Nsalu yotchinga inkalekanitsa zipinda ziwirizi, ndipo mkulu wa ansembe yekha ndi amene ankalowa m'chipinda cham'kati kamodzi pachaka. Munthu akamayandikira kumene kuli likasa, zipangizo zinkasintha kuchoka pa mkuwa kufika pa golide, ndipo ololedwa kulowa ankacheperachepera. Kalata ya kwa Ahebri imafotokoza kuti Khristu anatsegula njira imene nsalu ija inkatseka. N'chifukwa chake matchalitchi ambiri akale anasunga dongosolo loti munthu azichokera pakhomo kulunjika kumalo opatulika, koma malowo nkukhala poonekera kwa onse.

Tchalitchi cha Scott chinatsata mwambo wakale umenewu. Maziko ake ali ngati mtanda, ndipo munthu akalowa pakhomo la kumadzulo maso ake amalunjika kum'mawa, kumene khoma limazungulira gome la Mgonero wa Ambuye. Izi zinali zosiyana ndi matchalitchi ambiri a Presbyterian a nthawi imeneyo, omwe ankaika malo olalikirira patsogolo penipeni posonyeza kuti ulaliki ndiwo mutu wa mapemphero. Scott ankagwirizana ndi abusa ena a ku Scotland amene ankafuna kubwezeretsa ulemu wa masakramenti ndi mapemphero olembedwa a mpingo woyamba. Kwa iye gome la Mgonero linali malo amene kusiyana kwa mitundu kumathera. Ankaumirira kuti azungu ndi anthu akuda a ku Blantyre ndi mpingo umodzi, ndipo azilandira Mgonero pagome limodzi.

Kusakaniza kamangidwe ka maiko osiyanasiyana kunkagwirizananso ndi chiphunzitso chake chakuti mpingo wa Khristu ndi wa dziko lonse lapansi, ndipo sungakhale wamphumphu popanda Africa kubweretsa mphatso zake. Monga mmene buku la Eksodo limasimbira kuti chihema chinamangidwa ndi amisiri a mwa Aisraeli omwe, Bezaleli ndi Oholiabu, tchalitchi cha Blantyre chinamangidwa ndi manja a anthu omwe anadzapempheramo. Kwa anthu amene ankanena kuti munthu wakuda sangathe ntchito zaluso, nyumbayi inali yankho looneka ndi maso.

Ntchito ya chiyankhulo

Mu 1892 Scott anasindikiza buku lotchedwa A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language. Bukuli silimangomasulira mawu. Limafotokozanso miyambo, kaweruzidwe ka milandu, ulimi, kusula zitsulo, zikhulupiriro ndi miyambi ya anthu, ndipo limaonetsa kuti Chimang'anja ndi chiyankhulo chotha kufotokoza nkhani zakuya. Alexander Hetherwick analikonzanso n'kulitulutsa mu 1929 ndi dzina loti Dictionary of the Nyanja Language. Scott anamasuliranso Mauthenga Abwino ndi zigawo zina za Chipangano Chatsopano, komanso nyimbo za m'tchalitchi. Kuyambira mu 1888 mishoni inkasindikiza magazini ya mwezi ndi mwezi yotchedwa Life and Work, momwe iye ankalembamo maganizo ake pa za mpingo ndi za dziko.

Kukonzekeretsa atsogoleri

Mu 1894 Scott anadzoza achinyamata asanu ndi awiri kukhala madikoni, powakonzekeretsa kudzakhala abusa. Mwa iwo munali Harry Kambwiri Matecheta, John Gray Kufa ndi Mungo Murray Chisuse. Anawapatsa udindo weniweni wosamalira masukulu, kuyang'anira nthambi za mishoni ndi kukhala nawo pabwalo loweruza nkhani za mpingo, zomwe amishonale ena sanakondwere nazo. Matecheta anakagwira ntchito ku Nthumbi pakati pa Angoni, ndipo mu 1911 iye ndi Stephen Kundecha anakhala abusa oyamba akuda a mishoni ya Blantyre. Chisuse anaphunzira kusindikiza mabuku ku Scotland ndipo anadziwikanso ndi luso lojambula zithunzi. Kufa anakhala wothandiza madokotala, ndipo anaphedwa ndi boma mu 1915 chifukwa chotenga nawo mbali pa kuukira kwa John Chilembwe.

Mikangano ndi atsamunda

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 Scott ndi anzake anachita kampeni ku Scotland yoletsa Apwitikizi kulanda mapiri a Shire. Anakananso kuti derali liperekedwe kwa kampani ya Cecil Rhodes, poopa kuti anthu adzalandidwa malo monga zinkachitikira kumwera kwa Africa. Britain itakhazikitsa ulamuliro wake mu 1891, Scott anasemphana ndi bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston. M'zaka zimenezo asilikali a Johnston ankamenyana ndi mafumu a Chiyao a kumwera kwa nyanja monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi, ndipo anamanga linga la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi. Ngakhale Scott ankadana ndi malonda a akapolo, magazini ya mishoni inkadzudzula kutentha midzi, kugulitsa malo aakulu kwa azungu ndi kukula kwa msonkho umene anthu ankaumirizidwa kupereka.

Adani ake anakadandaula ku Scotland kuti amalowerera ndale, amaononga ndalama, ndipo amayendetsa mapemphero mofanana ndi Akatolika kapena Aanglikani, potchula zovala za oimba ndi malo a gome la Mgonero. Mu 1897 mpingo unafufuza madandaulowa. Panthawiyi iye anali atafooka kale ndi maliro otsatizana. John Bowie, Harriet ndi Henry Henderson anamwalira mu 1891, ndipo mkazi wake Isabella ndi mng'ono wake William anamwalira mu 1895. Mu 1898 anachoka ku Blantyre ali wodwala, ndipo Hetherwick ndi amene analowa m'malo mwake.

Ku Kenya ndi imfa yake

Mu 1901 Scott anapita ku Kikuyu, m'dziko la Kenya, kukatsogolera mishoni ya Church of Scotland kumeneko. Mkazi wake wachiwiri, Edith Ruffelle, anamwalira posakhalitsa atafika. Anayesa kuti mishoni izidzidalira kudzera mu ulimi wa pamunda waukulu, koma ntchitoyi inalowetsa mishoni m'ngongole. Atatsala pang'ono kumwalira anabatiza Philip Karanja, Mkhristu woyamba wa mishoniyo pakati pa Akikuyu. Anamwalira mu Okutobala 1907 ndipo anaikidwa m'manda ku Kikuyu.

Chikumbutso

Scott atachoka, mishoni ya Blantyre inachepetsa mphamvu zomwe iye anapatsa atsogoleri akuda, ndipo panapita zaka 13 m'busa woyamba wakuda asanadzozedwe. Mu 1924 mipingo ya Blantyre ndi Livingstonia inagwirizana kupanga CCAP, ndipo Nkhoma inalowa mu 1926. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chikugwirabe ntchito pansi pa Sinodi ya Blantyre, ndipo ndi chimodzi mwa zipilala zotetezedwa za dziko la Malawi. Mu 2022 katswiri wa chikhalidwe cha anthu Harri Englund anatulutsa buku lotchedwa Visions for Racial Equality, lomwe limafotokoza moyo wa Scott ndi nkhondo yake yolimbana ndi tsankho la mitundu.