Mbiri ya mai Dorothy Hodgkin, katswiri amene anavumbula mapangidwe a insulin

Odwala matenda a shuga amene amalandira jekeseni ya insulin pa cipatala cacikulu ca Chipata mwina sanamvepo dzina la mai Dorothy Hodgkin. Komatu gulu la mai amenewa ndilo linayamba kuonetsa dziko mmene ma atomu anayalana m'mankhwalawa, ndipo linatero ndi thandizo la mtovu, citsulo cimene ambiri muno mu Zambia amacidziwa ngati ciphe.

A Dorothy Crowfoot anabadwira mu mzinda wa Cairo ku Egypt pa 12 May 1910. Anaphunzira pa Somerville College ku Oxford, ndipo mu 1932 anapita ku Cambridge kukagwira nchito ndi a J. D. Bernal. Mu 1934 awiriwa anajambula ndi X-ray timiyala ta pepsin, enzyme ya m'mimba imene imagaya nyama. Cinsinsi cao cinali kusunga timiyalato m'madzi ake, pakuti tikauma timaonongeka. Cithunzi cimeneco cinatsimikiza kuti puloteni ili ndi mapangidwe okhazikika.

Koma kujambula si kuona. X-ray ikadutsa m'kamwala imasiya timadontho tambirimbiri, ndipo kuwala kwa timadonthoto pakokha sikukwanira kuuza munthu pamene pali atomu iliyonse. Njira inapezeka mu 1953, pamene a Max Perutz anamangirira mercury ku haemoglobin, puloteni ya m'magazi. Atomu ya citsulo colemera imabalalitsa X-ray mwamphamvu kuposa zinzake, motero imaoneka monga mlambe pakati pa zitsamba m'cigwa ca Luangwa. Katswiri akayerekeza cithunzi ca kamwala kopanda citsulo ndi ca kamene kanaviikidwa m'citsulo, amapeza malo a citsuloco, ndipo kucokera pamenepo amawerengera malo a zina zonse. Mwa njira imeneyi gulu la a David Phillips linavumbula mapangidwe a lysozyme mu 1965, enzyme yoyamba kudziwika motero.

Cobvuta ncakuti citsulo sicigwira paliponse. Mercury amakonda kumatirira pa sulphur, pamene mtovu ndi uranium zimathamangira kumene kuli oxygen. Ndiponso citsulo ciyenera kukhala malo amodzimodzi nthawi zonse popanda kusokoneza kamwalako.

Apa ndi pamene insulin inabvutitsa mai Hodgkin. Anaijambula koyamba mu 1935, koma sulphur yake yonse inamangana yokhayokha, kotero mercury anasowa pogwira bwino. Podikira, iwo anatembenukira ku mankhwala ang'onoang'ono. Mu 1945 anamaliza penicillin, ndipo pofika 1956 anavumbula vitamini B12, imene pakati pake pali atomu imodzi ya cobalt, citsulo cimene cimapezeka pamodzi ndi mkuwa ku Copperbelt. Zonsezi anazicita ndi manja opindika cifukwa ca nyamakazi imene inawagwira asanakwanitse zaka 30.

Uthenga wa mphotho ya Nobel unawapeza ali ku Ghana kumapeto kwa October 1964, patangopita masiku owerengeka Zambia italandira ufulu. Amuna ao, a Thomas Hodgkin, anali kutsogolera sukulu ya maphunziro a za Africa pa yunivesite ya kumeneko, ndipo mwana wao wamkazi anali mphunzitsi pa sukulu ya sekondale ya atsikana muno mu Zambia. Iwo anakhala mai wacitatu kulandira mphothoyi pa chemistry.

Ambiri akadapumula pamenepo, koma iwo anabwerera ku insulin. M'timiyala take, tizigawo 6 ta insulin timaunjikana mozungulira ma atomu awiri a zinc. Gulu lao linacotsa zinc ija ndi mankhwala, nilowetsamo mtovu, umene unakhala pa malo a zinc ndi malo ena owerengeka. Pophatikiza zithunzi zimenezo ndi za zitsulo zina, mapangidwe a insulin anaonekera mu 1969, patatha zaka 34 cijambulire cithunzi coyamba. Nzeru imeneyi inathandiza akatswiri a pambuyo pake kupanga insulin yogwira nchito msanga ndi yokhalitsa m'thupi.

Khalidwe la mtovu lolanda malo a zinc ndilo limadwalitsanso ana a ku Kabwe. M'thupi la munthu, mtovu umakankha zinc mu enzyme ina yothandiza kupanga magazi, ndipo enzyme ija imaleka kugwira nchito.

Mai Hodgkin anaphunzitsapo a Margaret Thatcher ku Oxford, ngakhale kuti pa ndale anali osiyana kotheratu. Kuyambira 1976 kufikira 1988 anatsogolera bungwe la Pugwash, la asayansi otsutsa zida za nyukiliya. Anamwalira kunyumba kwao m'mudzi wa Ilmington ku England pa 29 July 1994, ali ndi zaka 84, caka comweco cimene mgodi wa mtovu ndi zinc wa ku Kabwe unatsekedwa.