Mayi Jessie Willcox Smith, Wojambula Zithunzi za Ana

Tonsefe tidziŵa m'mene mtima umaŵaŵira pamene ntchito imene tinaikonda yatikanika. Zotere zinawaonekera Mayi Jessie Willcox Smith, amene anabadwa m'chaka cha 1863 mu mzinda wa Philadelphia ku America.

Ali ndi zaka 16 anapita ku Cincinnati kukakhala ndi achibale, ndipo kumeneko anaphunzira zauphunzitsi wa sukulu yamkaka. Koma msana unkawavuta, kotero kuti kuŵeramira tiana tsiku lonse sanakuthe. Nthaŵi yomweyo anayesa kujambula pamanja, naona kuti ali nalo luso. Anabwerera kwawo, ndipo mu 1885 analoŵa sukulu ya Pennsylvania Academy of the Fine Arts. Atamaliza analembedwa ntchito yojambula zithunzi zotsatsira malonda m'magazini ya Ladies' Home Journal.

Mu 1894 anayamba kuphunzira kwa Bambo Howard Pyle ku Drexel Institute. Mphunzitsiyu ankalangiza ophunzira kuti chithunzi chizikamba nkhani, ndi kuti wojambula ayambe wadziŵa za mumtima mwa munthu amene akumjambula. M'kalasi imeneyi anadziŵana ndi Mayi Violet Oakley ndi Mayi Elizabeth Shippen Green. Masiku amenewo kunali kovuta kuti mkazi adzidyetse yekha ndi ntchito yotere. Tsono atatuŵa anachita lendi nyumba imodzi yotchedwa Red Rose Inn, namasonkherana ndalama zoyendetsera pakhomo. Mnzawo wachinayi, Mayi Henrietta Cozens, ndiye ankasamala nyumba ndi dimba kuti enawo apeze mpata wojambula. Mutu umodzi susenza denga.

Mayi Smith sanakwatiŵe ndipo sanabereke mwana, komabe moyo wawo wonse unathera pa ana. Sankakonda kujambula ana olembedwa ganyu yoima chilili. Ankaitana ana a anzawo, nawasiya aziseŵera pakhomo kapena kumvetsera nthano, iwo ali phee kuyang'anitsitsa. N'chifukwa chake mwana wa pa zithunzi zawo amaoneka ngati wathu yemwe: wina watanganidwa ndi chidole, wina watsamira pachifuwa cha amake.

Mu 1905 anajambula zithunzi za m'buku la ndakatulo la Robert Louis Stevenson, A Child's Garden of Verses, ndipo mu 1916 za m'buku la Charles Kingsley, The Water-Babies. Kuyambira December 1917 kufikira 1933 zithunzi zawo zinkakhala pachikuto cha magazini ya Good Housekeeping, zonse pamodzi zoposa 180.

Atakalamba maso anayamba kuchita khungu, ndipo anamwalira pa 3 May 1935 ali ndi zaka 71. Tikamawakumbukira, tisafulumire kupeputsa mayi wopanda mwana kapena amene thanzi lamlepheretsa ntchito. Msana unawachotsa m'kalasi, koma ana osaŵerengeka anakula akutsegula mabuku a zithunzi zawo.