Dotolo Robert Laws ndi Mankhwala Ogonetsa Munthu

Pa 2 March 1876, ku Cape Maclear, mnyamata wina amene anali ndi chotupa pamwamba pa diso anagonekedwa pamaso pa anthu, nanunkhiza mankhwala pa kansalu, nagona tulo tofa nato. Sing'anga wa ku Scotland, mnyamata nayenso wa zaka 24, anang'amba chotupacho ndi kuchichotsa wodwalayo osabuula. Mbiri imati aka kanali koyamba kuti munthu achitidwe opareshoni ndi chloroform m'chigawo chino cha pakati pa Africa. Sing'angayo anali Dotolo Robert Laws.

Laws anabadwira ku Aberdeen pa 28 May 1851, m'banja la mmisiri wa matabwa, ndipo iye yemwe anayamba wagwira ntchito ya manja yomweyo asanaphunzire za using'anga ndi za ubusa. M'chaka cha 1875 analowa m'gulu la amishoni lotsogozedwa ndi E. D. Young, limene linasenzetsa zidutswa za sitima ya Ilala polambalala mathithi a mtsinje wa Shire, ndi kulowa nayo pa nyanja pa 12 October chaka chomwecho.

Kuti timvetse kukula kwa zimene zinachitika ku Cape Maclear, tikumbukire kuti ngakhale ku Ulaya mankhwalawa anali asanakwanitse zaka 30. James Young Simpson anayamba kuwagwiritsa ntchito ku Edinburgh mu 1847. Mankhwala ogonetsa asanadziwike, sing'anga wabwino anali wofulumira mpeni, pakuti wodwala amagwidwa ndi amuna amphamvu ali maso. Chloroform imalowa m'mapapo ndi mpweya, ipita ndi magazi ku ubongo, ndi kuugonetsa kotero kuti uthenga wa ululu wochokera pa bala sumveka. Koma malire a tulo ndi imfa pa mankhwalawa ndi opyapyala kwambiri: akachuluka pang'ono amaimitsa mtima, ndiponso amawononga chiwindi, ndicho chifukwa chake zipatala zinawasiya. Mtsikana wina ku England anafa nawo mu 1848. Tsono Laws, mlendo wa miyezi isanu yokha pakati pa anthu osamdziwa bwino, anaika pachiswe moyo wa wodwalayo pamodzi ndi tsogolo la mishoni yonse. Mnyamatayo akadapanda kudzuka, nkovuta kuona amene akadabweranso ndi m'bale wake kwa Mzungu wopha anthu ndi kansalu.

Malungo anawasamutsa ku Cape Maclear kunka ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Laws anakwera phiri la Khondowe nakhazikitsa sukulu ya Overtoun Institution. Pamenepo ndi pamene ntchito yake ya chipatala inabala ana. Chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa mu 1911, ndipo anyamata a dziko lino anaphunzira kumeneko kutsuka mabala, kupereka mankhwala ndi kuthangata pa opareshoni, namwazikana m'zipatala za mishoni ndi za Boma. Laws sanali munthu wofufuza za mitsempha m'nyumba zoyesera zinthu. Nzeru yakuti msana umatha kutsekereza kapena kutsegulira uthenga wa ululu inadza ndi Ronald Melzack ndi Patrick Wall mu 1965, iye atagona kale. Mabuku ake anali a chinenero: Chipangano Chatsopano m'Chinyanja mu 1886, ndi dikishonale ya Chingerezi ndi Chinyanja mu 1894.

Anthu a ku Chitipa ali ndi gawo lawo m'mbiri imeneyi. Mishoni ya Livingstonia inatsegula malo kwa Mwiniwanda, pa msewu wa Stevenson, m'zaka zoyamba za m'ma 1880, ngakhale malowo anasiyidwa atadya miyoyo ya amishoni. Pambuyo pake Karonga ndi Fort Hill, kumene lero timati Chitipa, pamodzi ndi mapiri a Misuku ndi nkhalango ya Mughese, zinali m'boma limodzi la North Nyasa, ndipo m'boma limeneli ndi m'mene ophunzira a ku Khondowe, monga Levi Mumba, anayambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, Laws akuwalimbikitsa.

Sitinganene kuti anali wopanda chilema. Munthu amene anafulumira kukhulupirira manja a Mwafrika pa ntchito ya chipatala anachedwa kumkhulupirira pa guwa, pakuti abusa oyamba, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, atadikira zaka zambiri chitsirizire maphunziro. Mwasi anatuluka mu mpingowo mu 1933.

Laws anachoka m'dziko muno mu 1927, atatumikira zaka 52. Anamwalira ku London pa 6 August 1934, naikidwa kwawo ku Aberdeen.