A Stephen Douglas (1813–1861)

A Stephen Arnold Douglas anabadwira ku Brandon, Vermont, pa 23 Epulo 1813, ndipo kuyambira 1847 anali phungu wa Illinois m'nyumba ya malamulo ya Senate. Koma mtima wawo unali pa mpando wa pulezidenti wa America. Pofuna kukondweretsa akumpoto ndi akummwera omwe, mu 1854 anatsogolera lamulo la Kansas-Nebraska, lolola nzika za madera atsopanowo kugamula zokha za ukapolo.

Poteteza uphungu wawo mu 1858, anachita mitsutso isanu ndi iwiri ndi a Abraham Lincoln. Atapanikizidwa ndi funso ku Freeport, anavomera kuti dera lingathe kutsekereza ukapolo, ngakhale bwalo lalikulu la milandu linali litagamula kale mokomera eni akapolo. Uphunguwo anausunga, koma akummwera anawafulatira. Pa chisankho cha pulezidenti cha 1860 chipani chawo cha Democratic chinagawanika, ndipo pa mavoti a nthumwi anapeza 12 okha, a Lincoln 180.

Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu 1861, anaima pambuyo pa a Lincoln, nadandaulira owatsatira kuti ateteze umodzi wa dziko. Anamwalira ku Chicago pa 3 Juni chaka chomwecho, ali ndi zaka 48.